Akafula, Anthu Aafupi a m'Mapanga

Madzulo, pamene nchito za tsiku zatha ndipo ana akhala mozinga moto, agogo a m'midzi ya ku Chipata, ku Katete ndi ku Chadiza amasimba za tianthu tatifupi timene tinali kukhala m'mapiri kale lomwe. Acewa amaticha Akafula kapena Abatwa. Koma dzina limene ana amakonda koposa ndi lakuti Amwandionerapati.

Dzinali linadza motere. Munthu poyenda m'thengo, amatero agogo, anali kukomana ndi kamunthu konyamula uta ndi mibvi yaululu. Kamunthuko kanali kuima pakati pa njira ndi kufunsa kuti, "Mwandionera pati?" Wapaulendo wopusa anali kuyankha kuti, "Ndakuonera pompano," ndipo pomwepo ndeu inali kubuka, pakuti yankho lotere linali ngati kunena kuti wofunsayo ngwamfupi, wosaoneka patali. Koma wocenjera anali kuloza phiri lakutali, nati, "Ndakuonerani ndikali uko, bambo." Pakumva ici kamunthu kaja kanali kubvina ndi cimwemwe, ndi kumlola mlendoyo kupitirira mwamtendere.

Si Acewa okha amene ali ndi nthano zotere. Kutsidya la nyanja, ku Scotland ndi ku Ireland, anthu akumidzi anali kuopa tianthu timene m'Cingerezi timachedwa fairies. Anali kunena kuti timakhala m'kati mwa timapiri, timabvina usiku, timaba makanda, ndipo timaopa citsulo. Mlimi akatola m'munda mwace kamwala kosongoka ngati mubvi, anali kuti ndiko kamene tianthuto talasira ng'ombe yace yodwala. Za ciyambi ca tianthuti anthu sanabvomerezane: ena anati ndi mizimu ya akufa, ena anati ndi angelo ocotsedwa kumwamba, enanso anati ndi milungu yakale imene anthu analeka kuipembedza. M'caka ca 1893 David MacRitchie wa ku Scotland anasindikiza buku lonena kuti nthanozo zimakumbutsa mtundu wa anthu aafupi amene anali eni dziko poyamba. Ophunzira ambiri anakana mau acewo, cifukwa pokumba pansi ku Scotland sanapeze mtundu wotere.

Koma za Akafula nzosiyana, pakuti iwo anasiya mboni. Pa mathanthwe a m'mapanga ambiri a m'Cigawo ca Kum'mawa pali zithunzi za mitundu iwiri. Zina nzoyera, zopakidwa ndi cala, ndipo zimenezi nza Acewa, za Nyau ndi za cinamwali. Zina nzofiira, zakale kwambiri: mizere yoima pamodzi, zozungulira zokhala m'kati mwa zinzace, ndi zina zonga makwerero. Pofunsidwa za zofiirazo, akuluakulu amayankha kuti, "Makolo anazipeza, nza Akafula." Ku Malawi nako, pa mapiri a Chongoni pafupi ndi Dedza, pali malo 127 a zithunzi zotere, ndipo m'caka ca 2006 bungwe la UNESCO linawalemba m'kaundula wa cuma ca dziko lonse lapansi.

Mboni zina zinali m'nthaka. Katswiri wa zinthu zakale, David Phillipson, anakumba m'phanga la Thandwe m'dera la Chipata, la Makwe ku Katete, ndi la Kalemba ku Chadiza, kumene anagwira nchito m'caka ca 1971. Nchito yotere njapang'onopang'ono: dothi liri lonse amalisefa monga mai asefa ufa. Iye anapeza timiyala tambirimbiri tosemedwa, takuthwa ngati lumo, timene alenje anali kumatirira ku mibvi ndi ku mipeni yao. Anapezanso mafupa a nyama zimene anadya, ndi mafupa a eni ace oikidwa m'phanga momwemo. Ku Kalemba kunaoneka kuti anthu anayamba kugonamo zaka zoposa 30,000 zapitazo. Eni mapangawo sanali kulima kapena kuweta; anali kusaka nyama, kufula njuci, kukumba mizu ndi kutola zipatso.

Pambuyo pace kunafika alimi, odziwa kusula citsulo ndi kuumba mbiya. Munthu angaganize kuti alenje aja anathawa tsiku lomwelo, koma sizinatero ai. Pamwamba pa dothi la ku Thandwe ndi ku Makwe panapezeka mapale a mbiya osakanizika ndi timiyala tija, kusonyeza kuti mitundu iwiriyi inakhala moyandikana zaka mazana ambiri, ena m'midzi, ena m'mapiri. Komabe minda inakula, nkhalango inacepa, nyama zinapita kutali, ndipo pang'ono ndi pang'ono alenjewo anazimirira. Lero ku Chipata kulibe mudzi wa Akafula, ndipo cinenero cao palibe amene acidziwa.

Tsono nthano ija iyenera kumvedwa mosamala, pakuti oisimba ndi adzukulu a amene anatsala ndi dziko. Akafula anali aafupi msinkhu ndithu, koma sanali tianthu tobisala pansi pa tsamba la dzungu. Nthano ndiyo yakhala ikuwafupikitsa mbadwo ndi mbadwo. Ndipo mlenje wofunsa mlendo kumene anamuonera angakhale sanali wonyada cabe. Kapena anafuna kudziwa ngati mlendoyo waona njira ya kuphanga kumene kunali mkazi wace ndi ana ace.

Zithunzi zofiira zija zapirira dzuwa ndi mvula zaka zosawerengeka, koma sizipirira utsi ndi makala. Abusa a mbuzi akasonkha moto m'phanga, mwaye umazikwirira. Ndipo m'malo ena anyamata alemba maina ao pamwamba peni peni pa mizere ya Akafula. Malamulo a Zambia amaletsa kuononga malo otere. Wofikako aziyang'ana ndi maso okha, osakhudza ndi dzanja ndiponso osathirapo madzi kuti zioneke bwino.

Mafunso

1. Kodi ncifukwa ninji Akafula anachedwa Amwandionerapati?
2. Fotokozani kusiyana kwa zithunzi zofiira ndi zoyera.
3. Funsani agogo a kwanu nthano imodzi ya Akafula, ndipo muilembe m'kope mwanu monga aisimbira.