Chimphepo Chikawomba ku Pollokshields: Zoti Banja Lililonse Lidziwe

Pa 24 Januwale 2025, a Met Office anapereka chenjezo lofiira ku Glasgow chifukwa cha namondwe wa Éowyn. Sukulu zinatsekedwa, sitima za ScotRail sizinayende, ndipo ku Drumalbin mphepo inathamanga mamailosi 100 pa ola. Akuluakulu obadwira mumzinda muno amakumbukirabe usiku wa 15 Januwale 1968, pamene chimphepo chinagwetsa machumuni a nyumba zosanja za tenement, miyala n'kuboola madenga n'kupsinja anthu ali m'tulo. Anthu pafupifupi 20 anafa m'Scotland.

Nayenso kamvuluvulu aliko kuno. M'dziko la UK mumachitika akamvuluvulu pafupifupi 30 pachaka, ambiri ofooka, obwera pamodzi ndi mvula ya mabingu. Musapeputse mawu oti "ofooka". Wa ku Birmingham, pa 28 Julayi 2005, anazula mitengo ndi kusasula madenga m'mphindi zochepa chabe. Pollokshields, dera lathu la mu Glasgow muno, ili ndi nyumba zakale za miyala, madenga a masileti ndi mitengo ikuluikulu m'misewu, ndipo zonsezi zimatha kugwera munthu.

Mukamva chenjezo

Lowetsani kapena mangani mabini, mipando ya panja ndi trampoline ya ana. Galimoto musaiimike pansi pa mtengo. Tchajani mafoni, ikani tochi pafupi, onani ngati mankhwala a odwala shuga, BP kapena mphumu alipo okwanira. Ngati m'nyumba muli okalamba, khanda kapena wodalira makina a magetsi, lembetsani pa Priority Services Register, n'kwaulere.

Mphepo ikalimba, khalani m'kati, kutali ndi mawindo. Okhala m'chipinda chapamwamba penipeni, chokani pansi pa chumuni. Ana asapite ku Maxwell Park kapena ku Pollok Country Park kukaonerera mitengo yakugwa, ngakhale kunja kutachita bata, poti nthambi yothyoka imatha kulendewera masiku angapo isanagwe.

Chonde, mbaula isalowe m'nyumba

Apa ndi pamene tikuchondererani kwambiri. Kwathu magetsi akazima timakoleza mbaula, nsima n'kupsa, ana n'kuwotha. Kuno mawindo ndi zitseko n'zomata kuti kuzizira kusalowe, choncho mpweya wa poizoni wochokera ku makala, wotchedwa carbon monoxide, ulibe potulukira. Mpweyawu suoneka, sununkha. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, n'kumaganiza kuti ndi chimfine, kenako amagona osadzukanso. Jenereta, chowotchera nyama ndi kachitofu ka gasi ka kutchire n'chimodzimodzi: zonsezi n'zapanja.

Chumuni kapena paipi ya boiler ikasweka ndi mphepo, utsi umabwerera m'nyumba. Musayatse moto kapena boiler mpaka katswiri wolembetsedwa ku Gas Safe ataona. Anthu angapo m'nyumba akadwala mutu nthawi imodzi, tsegulani mawindo, tulukani nonse, imbani 999 ngati wina wakomoka kapena akubanika.

Mphepo ikatha

Bambo, musakwere padenga kukabwezera masileti. Nyumba zino n'zazitali, masileti onyowa amaterera. Jambulani zowonongeka muli pansi, dziwitsani landilodi kapena factor (woyang'anira nyumbayo) ndi kampani ya inshulansi. Waya wamagetsi wogwa musamuyandikire. Imbani 105, nambala yaulere yonenera za magetsi. Mukamva fungo la gasi, musakhudze switchi iliyonse, tulukani, imbani 0800 111 999.

Bala la galasi kapena msomali litsukeni ndi madzi oyera, likanikizeni ndi nsalu yoyera mpaka magazi atasiya. Ngati ndi lakuya, kapena simukukumbukira pamene munabayitsa katemera wa kafumbata, imbani NHS 24 pa 111 ndipo pemphani womasulira ngati Chingelezi chikuvuta. Wogundidwa m'mutu amene akusanza kapena kusokonezeka, muimbireni 999.

Firiji yosatsegulidwa imasunga chakudya pafupifupi maola 4, firiza yodzaza maola 48. Nyama, nsomba kapena mkaka zikafunda kupitirira pamenepo, tayani. Gogodaninso pakhomo pa agogo okhala okha pa masitepe anu, muone ngati ali ndi tochi, chofunda ndi chakudya.