Mafuta a mabuleki akuthera kuti?

Funso: Bambo makaniko, ndili ndi Toyota Corolla yakale. Sabata iliyonse ndikuthira mafuta a mabuleki, ndipo ndikaponda buleki phazi likumira mpaka pansi. Chavuta n'chiyani? Ndine wowerenga wa ku Zomba.

Yankho: Achimwene, imikani galimotoyo lero lomwe, ndipo musayerekeze kutsika nayo msewu wa Ku Chawe. Mafutawa amatsika pang'onopang'ono mapadi akamatha, koma kuthira sabata iliyonse ndiye kuti penapake pakudontha.

Yalani katoni pansi pa galimoto usiku. M'mawa dontho loterera, lachikasu pang'ono, likulozerani mbali yake. Suzumirani kuseri kwa tayala lililonse. Ngati kwanyowa, timphira ta mu caliper kapena wheel cylinder tatha. Kenako tsatirani mapaipi onse: achitsulo amabooka ndi dzimbiri, amphira amang'aluka. Pansi pakakhala pouma, gwirani kapeti kumtunda kwa chopondera buleki, chifukwa master cylinder imatha kudonthetsera mkati, mwinanso mu booster mosaonekera.

Paipi yobooka isinthidwe, osati kuimanga ndi mphira wa chubu. Mapadi onyowa ndi mafuta atayeni, musinthe mbali zonse ziwiri. Mukatero chotsani mpweya m'mapaipi muli awiri, wina akupopa chopondera, wina akumasula kabawuti kotulutsira mpweya kuseri kwa tayala, mpaka thovu lithe.

Thirani mafuta a mabuleki okhawo olembedwa pa chivindikiro, DOT 3 kapena DOT 4. Chonde, madzi a sopo ayi, amawira mabuleki akatentha. Mafuta a injini nawo amatupitsa timphira tonse.