Kamera Imodzi, Ntchito Zambirimbiri: Mafunso ndi Mayankho kwa Wofuna Kugula Kamera ya Kanema

Wojambula kanema wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre sakhala ndi ntchito yamtundu umodzi. Loweruka ali pa ukwati, Lamulungu akuulutsa mapemphero pa Facebook, Lachiwiri bungwe lamutuma kumudzi kukajambula mjigo watsopano, madzulo ake woimba akumudikira. Koma ndalama zomwe wasonkhanitsa ndi za kamera imodzi yokha. Nawa mafunso amene amamuzunguza mutu.

Kodi HD ikadali yokwanira, kapena masiku ano ndi 4K basi?

Chithunzi cha HD yathunthu chili ndi timadontho 1920 chopingasa ndi 1080 choimirira. Cha 4K chili ndi 3840 ndi 2160, kutanthauza kuti timadontho take n'tochuluka kanayi. Komabe kanema wambiri amathera pa foni, atapanikizidwa kale ndi WhatsApp, ndipo pamenepo diso silisiyanitsa.

Phindu lenileni la 4K limaoneka pokonza kanema. Wojambula amene wafunsa mafunso mfumu ndi kamera imodzi amatha kudula chithunzicho n'kupeza china chapafupi, ngati kuti panali makamera awiri. Mtengo wake ndi malo osungira. Kamera yojambula pa 100 Mbps imadya pafupifupi 45 GB pa ola, choncho ukwati wa maola asanu ndi limodzi ndi 270 GB, ndipo kompyuta yofooka imayamba kutsimphina. Nzeru ndi kugula kamera yokhoza zonse ziwiri, n'kumajambula HD pa ntchito zazitali.

Asankhe kamera ya kanema yeniyeni kapena izi zooneka ngati zojambulira zithunzi?

Mkanganowu unayamba mu 2008, pomwe Canon inatulutsa 5D Mark II, kamera ya zithunzi yomwe inkajambulanso HD. Sensa yake yaikulu inkachititsa kuti nkhope ioneke bwino kumbuyo kuli mbuu, ngati m'mafilimu a ndalama zambiri. Mu 2010 gawo lomaliza la chigawo chachisanu ndi chimodzi cha sewero la ku America lotchedwa House linajambulidwa ndi kamerayi, ndipo achinyamata padziko lonse anatengeka nayo. Zidzukulu zake ndi monga Panasonic GH5 ya 2017 ndi Sony FX3 ya 2021, yomwe Gareth Edwards anajambulira filimu ya The Creator.

Pa kanema wa nyimbo kapena wotsatsa malonda, pomwe woimba angathe kubwereza kakhumi, makamera amenewa ndi akatundu. Vuto limabwera pa perekaniperekani. Azakhali a mkwatibwi akadzuka n'kuyamba kuvina akuponya ndalama, sadikira kuti wojambula asinthe lenzi, ndipo sadzavinanso kachiwiri. Apa m'pamene makamera monga Sony PXW-Z90, Panasonic AG-CX350 kapena Canon XF605 amapambanira. Lenzi yawo ndi yomangirira, ndipo ya CX350 imakoka chinthu chakutali maulendo 20 pongodina ndi chala. Munthu amene zambiri mwa ntchito zake ndi zochitika zosabwerezeka ayambire pamenepa, ngakhale anzake amuseke kuti wanyamula kamera ya atolankhani.

Nanga ND amene amatchulidwa kawirikawiriyu ndi chiyani?

Ndi galasi lodera lomwe limachepetsa kuwala, ngati magalasi a dzuwa. Kuti mayendedwe a anthu aoneke mwachibadwa, wojambula zithunzi 25 pa sekondi amaika shutter pa 1/50, ndipo padzuwa la masana a mu Okutobala kuwala kolowa pamenepo kumayeretsa zonse: diresi la mkwatibwi limangokhala chigamba choyera chopanda maluwa ake. Makamera a kanema amakhala ndi ND m'kati, wongotembenuza kabatani potuluka m'tchalitchi. Makamera ambiri ang'onoang'ono, FX3 yomwe, amafuna galasi logula padera lomanga kutsogolo kwa lenzi.

Bwanji akatswiri amayamba ayang'ana za mawu asanaone chithunzi?

Chifukwa woonera amapirira chithunzi chakuda pang'ono, koma mawu akamamveka ngati munthu akulankhulira m'chidebe amazimitsa. Maikolofoni ya pakamera imatola chilichonse: mphepo, jenereta, ana akusewera panja. Kamera ya ntchito iyenera kukhala ndi mabowo awiri a XLR, omwe chingwe chake chimakhoma osazuka, ndipo amapereka mphamvu ya mavoti 48 ku maikolofoni ofuna magetsi. Bowo limodzi litenge mawu kuchokera ku mixer ya mwini zokuzira mawu, linalo litenge kwaya ndi nthungululu za mu holo. Pakhalenso polumikizira mahedifoni. Amene amajambula osamvetsera amadzadziwa ali kunyumba kuti batire ya maikolofoni ya abusa inatha ulaliki uli pakati.

N'chifukwa chake si bwino kuthera ndalama zonse pa kamera. Maikolofoni yopanda chingwe, tripod yolimba ndi nyali imodzi ziwerengedwe pa mtengo womwewo.

Kodi kamera yotumizidwa ndi m'bale wa ku America ili ndi vuto?

Ikhoza kukhala nalo. Magetsi a ku Malawi, ku Zambia, ku South Africa ndi ku Britain amayenda pa 50 Hz, ndipo wailesi zakanema zake zimagwiritsa ntchito zithunzi 25 kapena 50 pa sekondi. Ku America ndi 60 Hz, zithunzi 30 kapena 60. Kujambula pa 30 pansi pa nyali za machubu m'holo ya kuno kumabweretsa kuphethira ndi mizere yoyendayenda pachithunzi. Makamera ambiri atsopano amalola kusintha, koma ena, makamaka akale ndi otsika mtengo, anawatsekera ku dera limodzi. Wogula afunse asanatumize ndalama.

Wofuna kuulutsa zochitika pompopompo ayang'ane chiyani?

Potulukira chithunzi. HDMI imapezeka paliponse, ndipo ndi yomwe kachipangizo kosakanizira makamera ka ATEM Mini kamalandira, koma imazuka munthu akangokodwa pachingwe ndipo siyenda mtunda wautali. SDI imakhoma ndipo chingwe chake chabwino chimafika mamita pafupifupi 100, kuchoka kuguwa mpaka kukhomo la tchalitchi. Sony HXR-NX80 ndi PXW-Z90 zimafanana ngati mapasa, koma SDI ili pa Z90 yokha.

Kutentha, mabatire ndi makhadi?

Makamera aang'ono opanda fani amatha kuzima okha akatentha, monga momwe eni Canon EOS R5 anadandaulira itangotuluka mu 2020. Ku Nsanje kapena ku Salima nyengo yotentha nkhaniyi si yamasewera. Ena akale amaimanso okha pa mphindi 29 ndi masekondi 59, malire omwe anabwera chifukwa cha msonkho wa ku Ulaya pa makamera a kanema.

Ndi kuthimathima kwa magetsi, mabatire akhale okwanira tsiku lathunthu popanda kutchaja. Blackmagic Pocket Cinema Camera 4K imajambula zokongola pamtengo wabwino, koma kabatire kake sikakwanitsa ola. Mipata ya makhadi ikhale iwiri yolemba nthawi imodzi, kuti khadi lina likafa linalo lipulumutse ukwati wa eni ake. Chizindikiro cha V30 pakhadi chimatanthauza kuti silitsika pa 30 MB pa sekondi, ndipo chimakwanira 100 Mbps.

Yogwiritsidwapo kale ntchito ndi yabwino?

Inde, bola wogula aiyese yekha. Aone maola omwe yagwira ntchito ngati imawasonyeza, aunike m'lenzi ndi tochi kufufuza nkhungu ndi fumbi, ajambule atatseka lenzi kuti timadontho takufa tionekere, alumikize maikolofoni ku mabowo onse awiri, kenako aisiye ikujambula ola lathunthu. Za matepi, monga Sony HVR-Z1 zomwe zinatchuka kale, azisiye: matepi ake akusowa, ndipo makompyuta atsopano alibe polumikizira chingwe chake cha FireWire.