NDIWO ZA M'DIMBA PA NYENGO YA MASIKA NDI YA CHISANU

Mvula ikakata m'mwezi wa Epulo, bonongwe, chisoso ndi nkhwani za m'munda zimayamba kukhwima ndi kuuma. Amayi ochenjera amafutsa ndiwo, ndipo achita bwino. Koma mfutso wa m'chikwatu sufika patali pa banja lalikulu, kotero pofika Ogasiti nyumba zambiri zimasowa ndiwo zamasamba. Ana ndiwo avutika koposa, pakuti masamba obiriwira ndi karoti zili ndi vitamini A. Mwana wosowa vitamini ameneyu saona bwino kukayamba kuda, ndiponso sachedwa kugwidwa ndi matenda.

Ena aganiza kuti mbewu sizikula m'chisanu. Iyayi, si choncho. Kabichi, mpiru, repu, chainizi, anyezi, karoti ndi nsawawa zimakonda nyengo yozizira koposa yotentha. Chofunika ndi kuyamba msanga, m'Malichi kapena m'Epulo, nthaka isanaume.

Malo ndi Mpanda

Sankhani malo a pafupi ndi chitsime kapena mtsinje, koma musalime kufika m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, kuopa kuti nthaka ingagumukire m'madzi. Mangani mpanda musanafese kanthu. Anthu akatha kukolola amatayirira mbuzi ndi ng'ombe, ndipo mbuzi imodzi itha kumaliza ntchito ya mwezi wathunthu m'mawa umodzi wokha.

Nazale

Akulu anati mmera m'poyamba. Konzani bedi la mita imodzi m'lifupi, kuti popalira mufike pakati osapondapo. Sakanizani dothi ndi manyowa owolerana bwino, chifukwa ndowe zaziwisi zimawotcha mizu. Fesani m'mizere yotalikirana masentimita 15, osakwirira mozama koposa sentimita imodzi. Phimbirani ndi udzu wouma ndi kuthirira m'mawa ndi madzulo. Mbewu zikamera chotsani udzuwo.

Kuwokera

Mbande za kabichi, mpiru ndi repu ziwokeredwe zikatha masabata 4 kapena 5, zili ndi masamba anayi kapena asanu. Anyezi adikire masabata 6 mpaka 8, mpaka atanenepa ngati pensulo. Wokerani madzulo dzuwa litapepa. Kabichi atalikirane masentimita 60 pakati pa mizere ndi 45 mumzere. Mpiru ndi repu 45 ndi 30. Karoti ndi nsawawa siziwokeredwa: bzalani pamalo pomwe zidzakulire, ndipo karoti akamera mupatulire kuti atalikirane masentimita 5.

Musafese mpiru wonse tsiku limodzi. Fesani pang'ono, ndipo pakapita masabata atatu fesaninso, kuti muzithyola kufikira mvula itabweranso.

Chisanu

M'madera okwera monga Dedza ndi Mzimba, chisanu chimawaula mbewu m'Juni ndi m'Julayi, makamaka usiku wopanda mitambo ndi mphepo. Mpweya wozizira ndi wolemera, tsono umatsikira kumunsi kwa dambo ndi kukhazikika kumeneko. Matimati ndi nyemba sizipirira chisanu. Zibzaleni cha kumtunda, ndipo usiku wozizira zifunditseni udzu ndi kuuchotsa m'mawa. Kabichi ndi repu ndizo zoyenera kumunsi. Ku Thyolo ndi ku Mulanje mdani wa matimati ndi chiperoni, pakuti masamba akakhala onyowa nthawi yaitali amagwidwa chiwawu. Chifukwa chake thirirani pansi pa tsinde, osati pamasamba.

Kasinthasintha

Kabichi, mpiru, repu ndi chainizi ndi mbewu za mtundu umodzi, ndipo matenda ndi tizilombo tawo ndi tomwe tomweto. Bedi limene munali kabichi chaka chino mudzabzalemo anyezi kapena nsawawa chaka chamawa. Yang'anani kunsi kwa masamba kawiri pa sabata, ndipo mukapeza nsabwe kapena mbozi, zipheni zisanachuluke.

Kwa Aphunzitsi

Tikupemphani kuti ana akonze bedi limodzi pasukulu mwezi uno, ayeze okha mizere ndi chingwe, ndi kuyankha mafunso awa:

1. Chifukwa ninji timanga mpanda tisanafese?
2. Tchulani mbewu ziwiri zimene siziwokeredwa.
3. Kodi matimati tiwabzale mbali iti ya dimba, ndipo chifukwa ninji?

Amene afuna kudziwa mitundu ya mbewu yoyenera dera lawo afunse Mlangizi wa Zaulimi wa kwawo.