KUDWAZIKA MUNTHU WOTHYOKA FUPA

Mzinda wa Kafue uli pa mseu waukulu wocokera ku Lusaka kunka ku Livingstone, ndipo patsidya pa mtsinje mseu wina upatukira ku Chirundu. Magalimoto olemera apita pamenepo usana ndi usiku, kotero kuti si cacilendo kumva kuti munthu wa panjinga wagundidwa, nathyoka mwendo. Anyamata ena athyoka pogwa mu mtengo wa mango, ndipo nkhalamba zithyoka m'ciuno pongoterereka pabwalo nthawi ya dzinja.

Wovulalayo apita naye ku cipatala ca Kafue, ndipo fupa likathyoka koipa amtumiza ku University Teaching Hospital ku Lusaka. Dotolo aunika fupalo ndi makina a X-ray, nalilunzanitsa. Lina aligwiriza ndi citsulo, lina alimanga m'cikhakha ca pulasitala. Nzeru ya cikhakha cotere anaiyamba ndi Antonius Mathijsen, dotolo wa asilikari wa ku Holland, m'caka ca 1851.

Kulunzanitsa fupa ndi nchito ya tsiku limodzi, koma fupa la nchafu la munthu wamkulu lifuna miyezi itatu kapena kuposa kuti ligwirane. Masiku onsewo wodwala ali m'manja mwa omdwazika, ndipo ambiri a iwo ndi abale ace a pakhomo.

Mdani wamkulu wa munthu wosatha kutembenuka yekha ndiye cilonda cobwera ndi kugonera mbali imodzi. Kanikizani cikhadabo canu. Mudzaona kuti ciyera, ndipo mukacileka cifiiranso. Ciyera cifukwa mwazi wathawa. Ndi momwe licitira khungu lopanikizika pakati pa fupa ndi mphasa: likasowa mwazi maora ambiri, lifa. Zilonda zotere zikonda pa zitendene, m'ciuno, pa mapewa ndi pamwamba pa matako. Ziyamba msanga koma zicedwa kupola, ndipo cina cikhoza kuzama kufikira pa fupa, nicipha munthu amene mwendo wace unali kugwirana bwino.

Cifukwa cace wodwala azitembenuzidwa maora awiri ali onse, ngakhale usiku, monga momwe anamwino anaonetsera. Pafunika anthu awiri kapena atatu, mmodzi agwirize mwendo wothyokawo kuti usapotoke. Potembenuza ayang'ane khungu. Malo amene ada kuposa pena, kapena atentha, kapena alimba, ndiwo ciyambi ca cilonda. Asapakhule pamenepo, angoleka kumgonekerapo, nauze anamwino. Mtsamiro auike pansi pa akatumba kuti zitendene zilenjekeke. Nsalu yogonera ikhale youma, yopanda makwinya ndi yopanda nyenyeswa za nsima.

Odwala ambiri akana kumwa madzi poopa kuvutitsa anthu ndi kukodza. Manyazi amenewa ndi oononga, pakuti thupi losowa madzi lidzimbidwa, ndipo cikhodzodzo cigwidwa matenda. Apatseni madzi, ndipo pamene adzithandiza acingeni ndi citenje, pakuti munthu wamkulu sataya ulemu wace cifukwa wagona. Kapenta, amene tidya ndi minga yomwe, mkaka, mazira, nyemba ndi ndiwo za masamba zithandiza fupa ndi khungu.

Cikhakha cisanyowe, ndipo pakayabwa musalowetsemo kamtengo. Zala zikatupa, zikazizira, zikacita dzanzi, kapena ululu ukanka nukula, cikhakha cathina. Abwerere naye ku cipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti kuce.

Inu ana simungathe kunyamula agogo, koma mungathe kusunga nthawi ndi kukumbutsa akulu kuti maora awiri akwana. Mungathe kutunga madzi, kuyanika zofunda, ndi kuwawerengera buku madzulo mutaweruka ku sukulu.

MAFUNSO

1. Kodi cilonda ca pogona ciyamba bwanji?
2. Chulani zizindikiro zitatu za cikhakha cothina.