Funso Likhale Lanu Musanapemphe Ndalama za Kafukufuku

Achinyamata ambiri amene amaliza digiri ya udokotala kapena ya sayansi ya m'labotale amandifunsa chinthu chimodzimodzi: ndalama za kafukufuku zimapezeka kuti? Mayina a mabungwe si chinsinsi, ndipo ndiwatchula pano. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ambiri amafunsa za ndalama asanadziwe chimene akufuna kufufuza. Amadikira kuti bungwe lilengeze kuti chaka chino likupereka ndalama pa nkhani yakutiyakuti, kenako n'kuyamba kupanga funso loti ligwirizane ndi chilengezocho. Anthu ounika mapempho sachedwa kuzindikira pempho lotere. Amakhala atawerenga ambiri sabata imeneyo, ndipo amatha kusiyanitsa munthu amene funso lake lakhala likumusowetsa tulo ndi munthu amene walitola dzana.

Funso lenileni limachokera m'wodi, pa benchi ya m'labotale, kapena m'kaundula wa chipatala momwe manambala akukana kugwirizana ndi zimene mabuku amanena. Taonani zimene zinachitika pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Cha m'ma 1980, a Malcolm Molyneux ndi a Terrie Taylor anayamba kufunsa chifukwa chake ana ena odwala malungo a mu ubongo amamwalira ngakhale alandire mankhwala oyenera. Mu 1989 anatulutsa njira yoyezera kukomoka kwa mwana yotchedwa Blantyre Coma Scale, imene madokotala akugwiritsabe ntchito m'mayiko ambiri. Yankho la funso lawo linachedwa. Linabwera mu 2015, atapeza makina a MRI, pamene gulu la a Taylor linasonyeza kuti ana amene amamwalira ubongo wawo umakhala utatupa kwambiri mpaka kupanikiza mbali imene imayendetsa kupuma. Anakhala zaka pafupifupi 30 pa funso limodzi, ndipo opereka ndalama ankabwerabe chifukwa funsolo linali lomveka ndipo eni ake sankalisiya.

Inu amene mukuphunzira za chitetezo cha m'thupi muli ndi mwayi umene mnzanu wa ku Boston kapena ku Oxford alibe, ngakhale iye ali ndi makina oposa anu. Mwana wa ku Chikwawa amakumana ndi malungo, njoka za m'mimba, kuperewera kwa zakudya ndi kutsegula m'mimba asanafike zaka zisanu, ndipo asilikali a m'thupi mwake amakula mosiyana ndi a mwana wa ku Ulaya. Kafukufuku wa katemera wa rotavirus amene anasindikizidwa mu 2010 anapeza kuti katemerayo anachepetsa kutsegula m'mimba koopsa ndi pafupifupi 49 peresenti ku Malawi, pamene ku South Africa anachepetsa ndi pafupifupi 77 peresenti. Katemera ndi yemweyo, kafukufuku ndi yemweyo. N'chifukwa chiyani? Katemera wa chibayo wa PCV13 anayamba kuperekedwa kuno mu 2011, koma ofufuza ku Blantyre anapeza kuti patapita zaka, ana ambiri ankasungabe m'mphuno mwawo mitundu ya tizilombo imene katemerayo amalimbana nayo, kuposa mmene zinakhalira m'mayiko olemera. A Henry Mwandumba anatsatira maselo a m'mapapo pofuna kudziwa chifukwa chake munthu amene ali ndi HIV amagwidwa msanga ndi TB, ndipo mu 2019 bungwe la Royal Society linawapatsa mphoto yake ya Africa Prize. Mafunso otere sangayankhidwe popanda odwala athu, anamwino athu ndi anthu a m'midzi amene amatikhulupirira. Mukamalemba pempho, nenani zimenezo mosachita manyazi.

Tsopano za kumene kuli ndalama. Musayambire pamwamba. Bungwe lalikulu limafuna kuona kuti munalandirapo kandalama kochepa, munakagwiritsa ntchito bwino, ndipo munasindikiza zimene munapeza. Yambani ndi thandizo la ulendo wa ku msonkhano, kapena maphunziro a masiku ochepa amene IUIS, bungwe la akatswiri a chitetezo cha m'thupi padziko lonse, limachititsa m'mayiko a mu Africa mogwirizana ndi FAIS. Kumeneko mumakumana ndi anthu amene mawa adzakulembereni kalata yokuchitirani umboni. Pa masters ndi PhD pali Commonwealth Scholarship, Beit Trust imene imathandiza a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, TDR ya bungwe la WHO, CARTA ya ku Nairobi, komanso magulu a DELTAS Africa, pulogalamu imene inayamba mu 2015 ndipo tsopano ili m'manja mwa Science for Africa Foundation. Limodzi mwa magulu amenewa, SANTHE, lotsogoleredwa ndi a Thumbi Ndung'u ku Durban, limaona za HIV ndi TB. AREF, imene anaiyambitsa a Tumani Corrah mu 2015, imaphunzitsa kalembedwe ka mapempho ndipo imalipira miyezi ingapo yokaphunzira luso m'labotale ya kwina.

Ambiri amasowa pogwira akangomaliza PhD, pamene salinso ophunzira koma sanakhalenso ndi gulu lawolawo. Apa yang'anani EDCTP, mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya ndi a mu Africa umene unayamba mu 2003. Yang'ananinso Fogarty International Center ya NIH ya ku America, imene yakhala ndi K43, yopangidwira wofufuza wa m'dziko losauka amene ali ndi alangizi awiri, wina wa kwawo wina wa ku America. Wellcome ya ku London mu 2021 inakhazikitsa Early-Career Award, yopereka malipiro a mwini pempho pamodzi ndi ndalama zofika mapaundi 400,000 za kafukufuku kwa zaka zisanu. Gates Foundation inadziwika ndi Grand Challenges Explorations: pempho la masamba awiri, madola 100,000, ounika osaona dzina la wolemba. Malamulo a zonsezi amasintha, choncho werengani chilengezo cha chaka chimenecho mzere ndi mzere. Ndaona mapempho abwino akutayidwa asanawerengedwe chifukwa cha tsamba limodzi lopitirira muyeso, kapena chifukwa mwini wake analipititsa ku ofesi ya yunivesite kuti akalisainire pa tsiku lotsekera lenilenilo. Kulembetsa kokhako m'makompyuta a NIH kumatha kutenga masabata angapo.

Pempho lonse limadalira tsamba loyamba. Linene vuto, linene chimene anthu sanachidziwebe, linene chimene inu muchite, ndipo linene chifukwa chake ndinu woyenera kuchichita kuno. Lipatseni namwino wa m'wodi kapena mnzanu wa mbali ina ya sayansi aliwerenge. Akalephera kukufotokozerani m'mawu ake, lembaninso. Zolinga zisapitirire zitatu, ndipo chachiwiri chisadalire kuti choyamba chitheke, chifukwa wounika akakayikira choyambacho zonse zagwa. Onetsani kuti njira yanu munaiyesapo kale m'labotale yanu, ngakhale pa magazi a anthu ochepa. Katswiri wa masamu muitaneni musanatenge dontho loyamba la magazi, osati pomaliza mukasowa chochita ndi manambala. Ndipo mudzakanidwa. Ku NIH, kwa zaka zambiri pa mapempho asanu alionse a grant yake yotchedwa R01 linkapambana pafupifupi limodzi, ndipo ngakhale mapulofesa a mbiri amakanidwa. Ndemanga za ounika zimawawa tsiku loyamba. Zisungeni sabata imodzi, kenako muziwerenge ndi mlangizi wanu. NIH imalola kutumizanso pempho lokonzedwa limodzi ndi tsamba loyankha ndemangazo, ndipo mapempho ambiri amapambana ulendo wachiwiriwo.

Pa bajeti ndichedwepo, chifukwa apa m'pamene achinyamata athu amadzipweteka okha. Amaganiza kuti akapempha zochepa aoneka odzichepetsa ndipo awamvera chisoni. Wounika amene anagwirapo ntchito m'labotale akaona bajeti yochepetsetsa amaganiza kuti wolembayo sadziwa mtengo wa ntchito yake. Mankhwala opakira maselo pa makina a flow cytometry amagulidwa kunja ndi madola, amayenda ozizira, ndipo akakhalitsa pa bwalo la ndege podikira zikalata za kasitomu amaonongeka. Ikani ndalama za mayendedwe ake ndi za wokuthandizani kuwatulutsa. Makinawo akafa, injiniya wake nthawi zambiri amachokera kunja, choncho ikani mtengo wa mgwirizano wokonzetsera. Firiji ya -80 imafuna magetsi usana ndi usiku, ndipo magetsi akazima kwa maola ambiri jenereta ilibe dizilo, ntchito ya zaka ziwiri imasungunuka usiku umodzi. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo amene ndalama zawo zinali zitasinthidwa kale kukhala makwacha anapeza kuti sizingagulenso zimene analonjeza. Funsani a ofesi ya zachuma ngati ndalamazo zingasungidwe mu akaunti ya ndalama zakunja. Dziwaninso kuti NIH imapatsa mabungwe a kunja kwa America 8 peresenti yokha ya zoyendetsera ofesi, motero chilichonse chimene kafukufuku wanu adye mwachindunji chilembedwe poyera. Malipiro a COMREC kapena NHSRC, makomiti oteteza anthu olowa m'kafukufuku, nawonso alowe, pamodzi ndi miyezi yodikira chilolezo.

Musaiwale ndalama zokakhalira pansi ndi mafumu, makomiti a m'mudzi ndi atsogoleri a mipingo. Ntchito yathu ndi ya magazi. Amene anaona zimene mphekesera za anamapopa zinachita ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017, pamene anthu anaphedwa ndipo ogwira ntchito za umoyo ankaopa kulowa m'midzi, sangaone mzere umenewu ngati wongokometsera bajeti. Ikaninso ulendo wobwerera kukawauza anthuwo zimene munapeza m'magazi awo. Ofufuza ambiri sabwerera, ndipo amene amavutika ndi wobwera pambuyo pawo.

Ndalama zakunja zimatha mwadzidzidzi, pa zifukwa zosakhudzana ndi ubwino wa ntchito yanu. Boma la Britain litachepetsa thandizo lake la kunja kuchoka pa 0.7 kufika pa 0.5 peresenti ya chuma chake, mu 2021 pulogalamu ya FLAIR, imene Royal Society ndi African Academy of Sciences ankathandizira ofufuza achinyamata a mu Africa, inadulidwa anthu ali pakati pa ntchito. Mu 2025 boma la America linatseka USAID, ndipo NIH inasintha malamulo otumizira ndalama kwa ogwira nawo ntchito a kunja, moti mapulojekiti ambiri mu Africa anaima. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Kalata yolonjeza chaka chachinayi musaiwerengere ngati ndalama. Yambani kulemba pempho lotsatira grant yanu idakali ndi chaka ndi theka, ndipo lipite ku bungwe la dziko lina. Ndalama zochepa za NCST, bungwe la boma loona za sayansi, kapena za yunivesite yanu musazinyoze. Atsogoleri a mu Africa analonjeza kale kuika 1 peresenti ya chuma cha mayiko awo pa kafukufuku, ndipo mayiko ambiri ali kutali nayo. Mukadzakhala ndi mawu m'makomiti a boma, muzidzawakumbutsa.

Chomaliza ndi cha ogwira nawo ntchito a kunja. Mudzawafuna, ndipo ambiri ndi anthu abwino. Malawi-Liverpool-Wellcome Programme, imene inayamba mu 1995, yalera Amalawi ambiri amene lero akutsogolera magulu awo. Koma pali mgwirizano wina umene mbali yanu imakhala kupeza chilolezo, kutenga magazi, kuwaika m'bokosi ndi kuwatumiza pa ndege. Kuyeza kumachitikira kwina, kuganiza kumachitikira kwina, ndipo dzina lanu limakhala pakati pa mayina 20. Malipiro amakhala abwino, galimoto imakhalapo, koma pakatha zaka khumi mulibe pepala limene mungaonetse Wellcome kapena EDCTP kuti ili ndinalitsogolera ine. Ndaona anzeru ambiri akuthera pamenepo, ndipo zimandipweteka mtima kuposa pempho lililonse lokanidwa.

Zimenezi zikambidwe pempho lisanatumizidwe, pamene mnzanuyo akufunabe siginecha yanu. Funsani kuti pa zolinga zitatuzo chanu ndi chiti. Funsani kuti ndi mapepala ati amene dzina lanu lidzakhale loyamba kapena lomaliza, ndipo yankho lilembedwe. Chikalata chololeza kutumiza magazi kunja, chimene timachitcha MTA, chinene zimene akayeze, kwa nthawi yaitali bwanji, ndi kuti akafuna kuyeza china ayambe apemphanso. Gawo la magaziwo litsale mu firiji yanu. Ngati kuyeza kwina sikungatheke kuno, bajeti ikhale ndi tikiti ndi malo ogona a inu kapena wophunzira wanu, kuti akayeze ndi manja ake n'kubwera nazo zotsatira zonse, osati chithunzi cha pa PowerPoint chokha.