Khoti la malamulo aakulu si la andale okha

Makalata atatu ochokera ku Mulanje ndiwo anadzaza pulogalamu ya malamulo pa wailesi sabata ino.

Mayi wina wothyola tiyi ku Chitakale anafunsa: "Kodi khoti la malamulo aakulu a dziko lili kuti, poti kuno kuboma timangoona la majisitireti?" Katswiri wa malamulo pa pulogalamuyo anayankha kuti Malawi alibe khoti lokhazikika la mtunduwu ngati lomwe lili ku Johannesburg. Mlandu ukakhudza tanthauzo la malamulo aakuluwa, mkulu wa majaji amautsimikiza, ndipo majaji a High Court osachepera atatu amakhala pamodzi n'kuumva. Anakumbutsa mayiwo za pa 3 February 2020, pomwe majaji asanu, motsogozedwa ndi a Healey Potani, anathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019 ataona mapepala ofufutidwa ndi Tipp-Ex. Khoti la Supreme linavomereza chigamulocho, ndipo anthu anavotanso pa 23 June.

Mnyamata wa kabaza wa ku Limbuli anadandaula kuti zimenezi n'za mabwana okha. Apa katswiriyo anakweza mawu. "Achimwene, imvani za a Mayeso Gwanda," anatero. Bambowa ankagulitsa majumbo ku Blantyre. Mu 2015 anamangidwa m'bandakucha akupita ku geni yawo, pa mlandu wa vakabu, lamulo la nthawi ya atsamunda. Iwo sanagonje. Mu January 2017 majaji atatu anagamula kuti gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu likuphwanya ufulu wa munthu, motero linasiya kugwira ntchito m'dziko lonse. Aliyense wolawirira kumsika amapindula ndi chigamulo chimenechi.

Kalata yotsiriza inachokera kwa mphunzitsi wa ku Muloza, yemwe anafunsa chifukwa chomwe majaji sangofafanizira okha malamulo onse opondereza. Katswiriyo anati gawo 5 la malamulo aakulu limanenadi kuti lamulo lotsutsana nawo n'lopanda mphamvu, koma jaji sasaka milandu, amadikira wodandaula. Gawo 46 ndilo limapatsa aliyense wophwanyiridwa ufulu mwayi wokagwada kukhoti kapena kwa Ombudsman. Wopanda ndalama za loya, anawonjezera, apite ku Legal Aid Bureau atanyamula mapepala onse okhudza nkhani yake.